Pepala la mizere yofiira ndi jusi yemwe ndinamulanda mwana wanga

Papita miyezi ndisanalembe kanthu pano, ena mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti kodi mayi kwagwanji mwangoti zii, nde lero ana agona msanga ndati ndikhale pansi ndikuuzeni zomwe zinatichitikira. Nkhaniyi ndiyaitali, pepani, koma ngati muli ndi mwana wa autism, kapena m'bale wanu ali naye, kapena wina wakutumizirani kale uthenga woti kunja kuli test ya mkodzo yomwe imaonetsa chomwe chinalakwika mthupi mwa mwanayo, chonde musalumphe.

Kwa amene simundidziwa, ine ndimagwira ntchito mu labu kuno ku Blantyre, chaka chino ndi cha 11, magazi ndi mikodzo ya anthu ndimaiona tsiku ndi tsiku. Mwana wanga wachiwiri ndi wamwamuna, ali ndi zaka 6, za autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kuyankhula ndi kucheza ndi anthu, anatiuza ali ndi zaka 4. Mawu ali nawo ochepa, akafuna chinthu amangokugwira dzanja nkukukokera pomwe pali chinthucho. Zomwe anthu amayankhula mukuzidziwa kale, zoti bambo ake anamukhwimira kuti geni iziyenda, zoti ndi ndondocha, zoti ine ndinadya chakutichakuti ndili woyembekezera. Zimenezo tidzakambirana tsiku lina, pano ndingonena kuti kafukufuku wamkulu wa 2019 yemwe anatsatira anthu oposa 2 miliyoni ku Denmark, Sweden, Finland, Israel ndi Australia anapeza kuti gawo lalikulu la autism, pafupifupi 80 pa 100, ndi lochokera ku mtundu, mmene mwana amatengera mphuno ya agogo ake. Palibe amene anamulodza mwana wanga.

Lero nkhani ndi ya kadyedwe. Mwanayu zakudya zake zinali zisanu basi. Nsima ya ufa woyera yopanda ndiwo, ndipo ikangokhudzana ndi msuzi ngakhale kadontho mbale yonseyo yatha ntchito. Buledi, koma wapakati yekha, m'mbali mouma muja amabenthula bwinobwino nkundandalika pa tebulo ngati mabogi a sitima. Mpunga woyera. Tiyi wamkaka. Ndi jusi wa maapozi wa mkabokosi, mtundu umodzi womwewo, mukagula wina angoyang'ana bokosilo nkutembenuka. Apongozi anga, ndimawakonda ndipo amamukonda mdzukulu wawo kwambiri, anandiuza tsiku lina kuti, "Amake mwana, mukumulera udyo mwanayu. Musiyeni njala imuwawe, adya yekha. Mwana sanafepo ndi njala ndiwo zili pa mbale." Tinayesa. Anakhala tsiku lonse ndi theka la mawa lake osaika kanthu mkamwa, nyemba zili patsogolo pake, akungodzigwedeza pa mkeka milomo itauma, mpaka agogo akewo ndi amene anayamba kulira nkupita okha kukhitchini kukamuphikira nsima yake yoyera. Si mwano ayi. Fungo la usipa lomwe kwa ife ndi la ndiwo kwa iye limakhala ngati utsi wa matayala, therere mkamwa silimupatsa mtendere. Ngakhale Leo Kanner, dokotala wa ku Baltimore yemwe analemba za ana 11 mu 1943, lipoti lomwe dziko linayambira kudziwa za autism, anaona kale kuti angapo mwa anawo anali ovuta kudya kuyambira ali makanda. Mu 2013 akatswiri a ku Atlanta atasonkhanitsa makafukufuku ambiri anapeza kuti ana a autism amakhala ndi vuto la kadyedwe kasanu kuposa anzawo. Nde amayi anzanga, simuli nokha ndipo si kuti simudziwa kuphika.

Chaka chatha mlamu wanga wa ku Johannesburg analowa mu gulupu ina ya makolo, nkumva za test ya mkodzo yomwe amatumiza ku America. Anachita zonse ndi mtima wabwino, analipira yekha ndalama yoti ingalipire lendi miyezi itatu, ife kwathu kunali kungotunga mkodzo wam'mawa, kuuumitsa mu filiji nkuupereka kwa munthu wa ulendo. Patatha masabata anayi kunabwera pepala la masamba angapo, zinthu zoposa 70 zoyezedwa, chilichonse ndi kamzere kake, ina yobiriwira ina yofiira. Yofiira inalipo isanu. Pansi pake munthu amene amathandiza makolo a mu gulupuyo analemba kuti mwana ali ndi yisiti yambiri m'matumbo, kuti thupi lake silikuchotsa poizoni, kuti tisiye tirigu, mkaka, shuga ndi jusi, ndipo anaika mayina a mabotolo asanu ndi atatu oti tigule kudzera mwa iye.

Ndikuuzeni chilungamo, ndinakhulupirira. Zaka zonsezi mu labu koma ndinakhulupirira, chifukwa ukakhala mayi wa mwana amene sangakuuze chomwe chikumuwawa, nkubwera munthu ndi pepala la manambala nkunena kuti vuto ndi ili ndipo mankhwala ake ndi awa, mtima umagwira pomwepo ngati munthu wokokoloka ndi madzi wagwira bango. Mabotolo sitinagule chifukwa ndalama inali isanakwane. Buledi ndi mkaka sindinathe kumuletsa, akanatsala ndi nsima ndi mpunga basi. Koma jusi ndinamulanda. Analira masiku anayi, amapita pa filiji nkumamenya chitseko ndi chikhatho, ine nkumadziuza kuti ndikumuthandiza.

Patadutsa miyezi iwiri ndi kanthu anayamba kukana kuyenda. Poyamba amangotsimphina, tinkaganiza kuti wadzipweteka podumpha pa mpando, kenako amangokhala pansi miyendo ataipinda ngati chule, ukamugwira bondo kukuwa. Pomutsuka mkamwa mswachi umatuluka ndi magazi, nkhama zitatupa zofiirira. M'miyendo timadontho tofiira pomwe pamamera tiubweya. Tinapita kuchipatala kawiri, malungo palibe, X-ray akuti fupa silinathyoke, panado tinapatsidwa nkubwerera. Ulendo wachitatu tinakumana ndi adokotala a ana, mzimayi wachikulire wodekha, anamuyang'ana mkamwa nthawi yaitali kenako anatseka faelo nkundifunsa, "Mayi, tandiuzani zonse zomwe mwanayu wadya kuyambira Lolemba, musasiye kanthu." Ndinatchula. Anati, "Chipatso? Masamba? Tomato ngakhale wa mu msuzi?" Ndinati ayi adokotala. "Nanga kale vitamin C amamupeza kuti?" Pamenepo ndi pomwe mutu unandizungulira, chifukwa pa kabokosi ka jusi kaja pamalembedwa poonekeratu kuti muli vitamin C, ndipo ndinali nditakawerengapo kambirimbiri.

Inali scurvy, matenda omwe tinkaphunzira kusukulu kuti ankagwira amalinyero akale okhala miyezi pa nyanja opanda zipatso. Thupi la munthu silipanga vitamin C ndipo silimusunga nthawi yaitali, mwezi umodzi mpaka itatu osamupeza timitsempha tamagazi timayamba kuchucha, mu nkhama, pakhungu, ndi pansi pa kachikopa kokuta mafupa, nchifukwa chake miyendo imawawa choncho. Madokotala a ana ku America ndi ku Ulaya alembapo za ana ambiri a autism omwe anafika kuchipatala chimodzimodzi, akukana kuyenda, ena mpaka kuyezedwa khansa ya m'magazi asanafunsidwe za chakudya. Hb yake, kutanthauza mlingo wa magazi, ndinayeza ndekha tsiku lomwelo, inali 8.9, yotsika. Anamulembera vitamin C wa mtengo wosafika ngakhale pa botolo limodzi la mabotolo aja. Tsiku lachitatu anasiya kukuwa ukamugwira, sabata isanathe anaimirira atagwira mpando, ndipo ine ndinalowa ku bafa kukalira kuti asandione.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga usiku uliwonse, bandulo imatha mmasiku awiri. Ndinkafuna kudziwa ngati nkhani ya ma chemical a mthupi mwa ana a autism ndi bodza lokhalokha kapena muli choonadi. Muli choonadi, ndipo ndi chifukwa chake bodza lake limagwira anthu.

Yambani ndi arabinose, umodzi mwa mizere yofiira ija womwe anati ukuonetsa yisiti. Arabinose ndi mtundu wa shuga womwe umapezeka mu zipatso ngati maapozi ndi mphesa. Mwana amene amamwa jusi wa maapozi tsiku lililonse, mkodzo wake ukhala nawo. Pepalalo limaonetsa zomwe anamwa dzulo lake. Chinanso chomwe aliyense wa mu labu amadziwa, malire omwe timati abwinobwino pa test amaikidwa kuti anthu athanzi 95 pa 100 agwere mkati, kutanthauza kuti asanu pa 100 athanzi ndithu amagwera kunja. Ukayeza chinthu chimodzi palibe vuto, koma ukayeza zinthu 70 pa kamodzi, mwana wathanzi wothamanga panja apo atuluka ndi mizere yofiira itatu kapena inayi. Ndimadziwa izi kuyambira ku koleji. Za kuyeza tsitsi nazo, zomwe mu gulupu muja amazitama kuti zimaonetsa mercury ndi lead, mu 2001 ofufuza a ku California anameta munthu mmodzi wathanzi nkugawa tsitsilo ku malabu asanu ndi limodzi a bizinesi, mayankho anabwera osiyanasiyana, chomwe labu ina imati chakwera ina imati chatsika, mutu umodzi womwewo.

Tsono kafukufuku weniweni uja. Dzina lomwe mudzalimva kwambiri ndi la Jill James wa ku Little Rock, Arkansas. Mu 2004 iye ndi anzake anayeza magazi a ana 20 a autism ndi ana ena 33, akutsatira kanjira kamodzi ka mthupi. Ndiyesa kukafotokoza mmene ndinawafotokozera bambo a kunyumba. Mu zakudya ngati mazira, nsomba ndi nyama muli methionine, mmodzi mwa ma amino acid, tizidutswa tomwe timapanga puloteni. Thupi limamusandutsa chemical yotchedwa SAM, amene ntchito yake ili ngati ya mlembi wa chidindo, amayenda kudinda pa DNA, pa mapuloteni, pa ma chemical a mu ubongo kuti ichi chigwire ntchito ichi chidikire. Akadinda amasanduka SAH kenako homocysteine, ndipo apa njira imagawikana pawiri. Homocysteine akhoza kubwerera kukakhalanso methionine, pamenepo pamafunika mavitamini a folate ndi B12, kapena kutsikira kukakhala cysteine, pamenepo pamafunika B6. Cysteine ndiye amapangira glutathione. Glutathione ameneyu, mukadula peyala nkulisiya pa mbale limada eti, mpweya womwe timapumawu umachita zofanana ndi zimenezo mkati mwa maselo athu, nde glutathione ndi amene amatchinjiriza. James anapeza kuti gulu la ana a autism linali ndi methionine, SAM, cysteine ndi glutathione wocheperapo, SAH wokwererapo, ndi glutathione wambiri amene watha kale mphamvu.

Mu 2011 James Adams wa ku Arizona State University, yemwenso ndi kholo la mwana wa autism, anayeza zambiri kuposa apo, ana 55 a autism ndi 44 ena a zaka 5 mpaka 16, mavitamini, michere, ma amino acid, zonse. Naye anapeza glutathione ndi SAM wotsika, sulfate wotsika, ATP yomwe ndi mphamvu ya selo yotsika, tryptophan wotsika, biotin wotsika. Koma mbali yomwe ogulitsa mabotolo sakuuzani ndi yoti mavitamini ndi michere yambiri ya anawo, poitenga pa gulu, inali mkati mwa malire abwinobwino. Kusiyanaku ndi kwa gulu ndi gulu. Zili ngati kunena kuti anyamata a Fomu 4 ndi ataliatali kuposa atsikana, ndi zoona, koma ndikakupatsani msinkhu wa mwana mmodzi simungalumbire kuti ndi mnyamata. Serotonin, chemical yonyamula mauthenga mu ubongo, ndi chitsanzo chabwino, kuyambira 1961 pomwe Schain ndi Freedman analemba koyamba, zakhala zikupezeka mobwerezabwereza kuti mwa ana anayi a autism mmodzi kapena kuposerapo amakhala ndi serotonin wambiri m'magazi, zaka zoposa 60 tsopano, koma palibe chipatala chomwe chimapeza autism poyeza serotonin. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa CAMP, momwe munali David Amaral wa ku UC Davis, anayeza ana a autism oposa 500 nkupeza kasakanizidwe kena ka ma amino acid mwa ana pafupifupi 17 pa 100 okha. Enawo ayi. Mpaka lero autism amaipeza poona mmene mwana akukulira, akusewerera ndi kuchezera ndi anthu, ndi pofunsa makolo. Test ya magazi kapena mkodzo yonena kuti uyu ali nayo uyu alibe kulibe.

Ndipo ine monga wa mu labu pali chomwe chimandivutitsa mutu kwambiri, kasamalidwe ka sampulo. Glutathione ndi wosachedwa kusintha, magazi akangokhala pa benchi mphindi zochepa amayamba kutha mphamvu mu chubu momwemo, nde amene amayeza mwaukadaulo amaika pa ayisi pompopompo, kuzungulitsa mu makina ozizira, nkusunga mufiliji yozizira madigiri -80. Maselo ofiira ali ndi glutathione wochuluka kamazanamazana kuposa madzi a magazi, ochepa okha akaphulika potenga magazi, zomwe zimachitika kawirikawiri mwana akamalimbana ndi jakisoni anthu atatu atamugwira, nambala yonse yasokonekera. Homocysteine naye amakwera yekha mu chubu ngati simunapatule maselo ndi madzi a magazi msanga. Tsono ganizirani sampulo yochoka ku Ndirande, magetsi athima kawiri ili mu filiji, yakwera basi kudutsa Mwanza ndi Tete mpaka Joni, kenako ndege. Makina oyezera a HPLC ndi mass spectrometry ndi abwino kwambiri, koma amayeza chomwe chafika, osati chomwe chinachoka mthupi.

Chomwe chinanditsegula maso kwenikweni sichinachokere ku America, chinachokera kwathu konkuno. Nditaona mawu oti methionine wotsika, cysteine wotsika, glutathione wotsika ndinati koma izi ndinaziwerengapo penapake. Ndi zomwe zimapezeka mwa ana otupikana, a kwashiorkor aja timawaona ku NRU, ku wodi ya ana onyentchera. Michael Golden ali ku Jamaica m'ma 1980 anaonetsa kuti ana otupikana amakhala ndi glutathione wochepa kwambiri, anthu nkuganiza kuti basi tapeza gwero, tikawapatsa zotchinjiriza aja satupa. Anadzayesa kuno ku Malawi, gulu la Mark Manary, lipoti linatuluka mu magazini ya madokotala ya BMJ mu 2005. Ana 2372 a m'midzi, theka amalandira ufa wokhala ndi riboflavin, vitamin E, seleniyamu ndi N-acetylcysteine tsiku lililonse kwa masabata 20, theka ufa wopanda mankhwala. Sizinateteze. Otupikana anachulukirako pang'ono mbali ya omwe amalandira mankhwalawo. Ndinawerenga kawiri usiku umenewo. Chinthu kukhala chotsika m'magazi sizitanthauza kuti ndicho chayambitsa vuto, ndipo kuchithira kuchokera m'botolo sizitanthauza kuti vuto lichoka. Komanso mwana amene moyo wake ndi nsima yoyera ndi mpunga, methionine wake angakwere bwanji? Chimanga pachokha puloteni yake ndiyoperewera, lysine ndi tryptophan ndi zochepa, nde tikachikonola nkuchiviika masiku atatu zambiri zotsalazo zimapita ndi gaga ndi madzi a mphale.

A ku Australia anapeza zofanana ndi zimenezi pa nkhani ya tizilombo ta m'matumbo. Kwa zaka anthu amati tizilombo ta ana a autism ndi tosiyana nde ndi timene timayambitsa. Mu 2021 ofufuza a ku Queensland anayeza chimbudzi cha ana 247 nkulembanso zomwe anawo amadya, anapeza kuti nkhani imayenda chobwerera, mwana amasankha zakudya chifukwa cha autism, zakudya zochepazo ndi zomwe zimachepetsa mitundu ya tizilombo.

Kwathu kuno palinso china, tisanakambe nkomwe za autism, mwana amayambira kale pansi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana osakwana zaka zisanu pafupifupi 6 mwa 10 aliwonse ali ndi zinki wochepa, ndipo 37 pa 100 ndi opinimbira. Allan Chilimba ndi anzake mu 2011 anaonetsa kuti chimanga cha madera ambiri a Malawi chili ndi seleniyamu wochepa chifukwa cha dothi, kupatula malo ngati ku chigwa cha Shire komwe dothi lake ndi lina, ndipo seleniyamu ndi amene amafunika kuti glutathione uja agwire ntchito yake. Nde mukatenga mwana wa ku Chiradzulu nkumuyeza ndi malire a ana a ku Arizona, mizere yofiira ituluka ndithu, wa autism ndi wopanda autism yemwe.

Musandimve molakwa ngati ndikunena kuti kuyeza kulibe ntchito. Alipo matenda ena osowa omwe chemistry ndi imene imapulumutsa mwana. Nkhani yomwe imandikhudza mtima ndi ya ku Oslo mu 1934, mayi wina anali ndi ana awiri osakula bwino m'maganizo ndipo amamva kafungo kachilendo mu mkodzo wawo, anakakamira mpaka anafika kwa dokotala Asbjørn Følling. Iye anathira ferric chloride mu mkodzowo nkusanduka wobiriwira, chinthu chomwe anali asanaonepo, ndipo umo ndi mmene matenda otchedwa PKU anadziwikira. Mwana wa PKU thupi lake silitha kuphwanya amino acid wotchedwa phenylalanine, amaunjikana nkuononga ubongo, ndipo osathandizidwa ena amaonetsa zizindikiro za autism. Akapezeka ali wakhanda nkuyamba chakudya chapadera amakula bwinobwino, nchifukwa chake ku Britain khanda lililonse amalibaya kachidendene pa tsiku lachisanu. Mu 2012 anapezanso vuto la jini yotchedwa BCKDK m'mabanja a ku Turkey, Egypt ndi Libya omwe makolo anali pachibale, ana ake ali ndi autism ndi khunyu chifukwa thupi limawotcha ma amino acid ena mofulumira, ndipo awa kuwaonjezera ma amino acid amenewo kumakweza mlingo wake m'magazi. Koma awa ndi ana owerengeka, ndipo amakhala ndi zizindikiro zina, kukomoka, kuiwala zomwe ankatha kale monga kuyenda, kusanza ndi kufooka kobwerezabwereza, mutu waung'ono. Mwana wanu akakhala ndi zotere kakamirani kuti aonedwe ndi dokotala wa ana, ndipo dokotalayo ndi amene asankhe test, osati munthu amene akugulitsanso mabotolo.

Mu gulupu muja panopa nkhani ili mkamwamkamwa ndi ya leucovorin, chichokereni pomwe boma la America linaitchula mu Sepitembala 2025. Ndi mtundu wa folate, ndipo ndi mankhwala enieni a ana omwe folate safika bwino ku ubongo. Pa autism payokha makafukufuku ake ndi ang'onoang'ono, wodziwika kwambiri wa Richard Frye unali wa ana 48. Musagule pa intaneti nkumamwetsa mwana panokha. Za kusiya tirigu ndi mkaka, ku Rochester ku America anayesa mosamala pa ana 14, kuwapatsa mobisa nthawi zina chakudya chokhala nazo nthawi zina chopanda, makolo ndi ofufuza osadziwa, sanaone kusintha. Bungwe la NICE lolangiza zipatala ku Britain kuyambira 2013 limanena kuti kusala zakudya kotereku kusagwiritsidwe ntchito pochiza autism, chimodzimodzi chelation, kuja amati akuchotsa zitsulo m'magazi. Chelation imeneyo inapha mnyamata wa zaka zisanu ku Pennsylvania mu 2005, mankhwalawo anakoka calcium m'magazi mtima nkuima. Ndikamaona ikutchulidwa mu gulupu ngati ndi tiyi wa mandimu thupi limachita tsembwe.

Zomwe adokotala aja anatiyeza ndi zinthu wamba zomwe labu yathu yomwe imatha. Full blood count, ferritin yoona ayironi wosungidwa, pamodzi ndi CRP yoona ngati mthupi muli matenda, ndi malungo, chifukwa ferritin amakwera mwana akakhala ndi matenda ena nkukunamizani kuti ayironi alipo, pomwe zinki amatsika nthawi yomweyo. Sikelo ndi msinkhu pa khadi. Kumuyang'ana maso, khungu ndi mkamwa, poti kusowa vitamin A kumayamba ndi kusaona bwino kukada ndipo mwana osayankhula sangakuuzeni. Ndi kope. Anandiuza kuti ndigule kope la 40 peji ndizilemba chilichonse cholowa mkamwa mwake masiku atatu pa mwezi, nkumadzifunsa kuti mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja timaphunzitsidwa ku sikelo, ndi ati omwe sakuoneka. Kope limenelo landiuza zambiri kuposa masamba onse a mizere aja.

Jusi tinamubwezera tsiku lomwelo. Ayironi wamadzi anavuta, amanunkha chitsulo, tinachita kuyamba ndi timadontho. Pa zakudya tinasiya kulimbana naye, tinayamba kutsatira zomwe iye amakonda, zoyera, zosalala, zosanunkha. Mu ufa woyera ndinayamba kuthira supuni imodzi ya mgaiwa pa poto yense, sabata ziwiri, kenako supuni ziwiri, panopa tafika pa kotala ndipo akudya. Tsiku lina ndinafulumira nkuthira theka, ananunkhiza nkukankha mbale, tinabwerera pa supuni imodzi kuyambiranso. Ufa wa bonya ndinayesa kubisa mu phala, anadziwa ndisanafike naye pa khomo, ndipo anakana phala sabata yathunthu chifukwa anasiya kundikhulupirira, nde zobisa zonunkha ndinaleka. Dzira lowiritsa amadya loyera lokha, yolk timapatsa mchemwali wake, ndipo ine ndimasangalala chifukwa ndikudziwa kuti methionine ndi cysteine uja ali mmenemo. Nzeru ya malambe inachokera kwa apongozi anga omwe aja. Anabwera kuchokera kumudzi ndi thumba la malambe nkunena kuti, "Amake mwana, si mwati amafuna zoyera? Awa ndi oyera, ndipo ife tinakulira omwewa." Malambe ali ndi vitamin C wambiri kuposa malalanje. Anasefa ufa wake, kusungunula ndi madzi ndi shuga pang'ono, kuthira mu timapepala ta mafilizi nkuika mu filiji. Masiku asanu ndi anayi amangoligwira nkulisiya lisungunuke pa tebulo. Tsiku lakhumi ananyambita, anakwinya nkhope chifukwa cha kuwawasa, nkunyambitanso, agogo ake ali pa mpando osapuma nkomwe kuopa kumusokoneza.

Autism yake ilipo ndipo sinachepe chifukwa cha malambe, amandikokabe dzanja, amatsekabe makutu njinga yamoto ikadutsa. Koma akugona bwino, sakudzimbidwa ngati kale, akuthamanga, ndipo kusukulu yake akuti amakhala pansi nthawi yotalikirapo. Mwana amene magazi ndi ochepa ndipo miyendo ikumuwawa sangaphunzire kanthu. Mwezi watha Hb inali 11.7. Mlamu wanga ndinamuimbira nkumufotokozera zonse modekha chifukwa naye analira atamva za scurvy, ndipo ndalama ya mabotolo ija anatitumizirabe, tikulipirira mayi wina wophunzitsa ana kuyankhula amene amabwera Loweruka lililonse.

Panopa tili pa gwafa. Ndimadula kachidutswa kakang'ono koyera mkati, kuchotsa njere zonse, nkukaika pa kambale kakekake pambali pa nsima, osakhudzana, osanena kanthu. Lero linali tsiku la 16. Anakatola, anakanunkhiza, anakagunditsa pa mlomo wapansi nkukabwezera pa kambale, kenako anakankhira kambaleko kumbali pang'ono koma sanakagwetse pansi ngati sabata yatha. Ndalemba mu kope. Magwafa atsala atatu mu filiji, Lachisanu ndidzadzera ku msika wa Limbe poweruka.